Yambani ndi mafuta a nyale: kumanga dziko la madzi oundana m'masewera a nthano

Funso: Ndimakhala ku Area 25, ndipo Loweruka lililonse timakumana anthu asanu ndi mmodzi kusewera masewera a nthano a patebulo, aja oti wina amafotokoza dziko, enawo n'kukhala atengambali, madayisi n'kumagamula zotsatira. Wofotokoza ndine. Anzanga apempha kuti nkhani yotsatira ichitikire ku dziko la madzi oundana, chonsecho palibe mwa ife amene anaonapo sinowo. Ndayesa kujambula mapu koma langotuluka pepala loyera, phiri limodzi ndi chinjoka. Ndiyambire pati kuti dzikolo limveke lenileni, anthu osatopa nalo pakatha milungu iwiri?

Yankho: Achimwene, pepala loyeralo lisakugwetseni ulesi. Latuluka choncho chifukwa mwayambira pa maonekedwe, pomwe dziko lozizira limadziwika ndi funso limene aliyense wokhala kumeneko amadzuka nalo: kutentha kwa lero kuchokera kuti, nanga kwatsala kwa masiku angati? Kumpoto kwenikweni kulibe nkhuni, kulibe makala, kulibe munda. Ntchito ya zitatuzi imagwiridwa ndi chinthu chimodzi, mafuta a nyama za m'nyanja. Mangani dziko lanu mozungulira mafutawo, monga mmene moyo wakumudzi umazungulirira nkhokwe, ndipo mapu adzayamba kudzaza okha.

Anthu a mtundu wa Inuit, a ku Greenland, Canada ndi Alaska, ankasema nyale yamwala yonga mbale yosaya, dzina lake qulliq. Ankathiramo mafuta a seal, nyama imene ena amati katumbu wa m'nyanja, chingwe chake n'kukhala ndere zouma. Nyale imodziyo inkaunikira, kuphika, kuumitsa nsapato ndi kusungunula madzi akumwa. Pa madzipa ambiri amalakwitsa, poganiza kuti munthu wozunguliridwa ndi chipale chofewa, chimene mwachitchula kuti sinowo, sangamve ludzu. Kusungunula kilogalamu imodzi ya ayezi kumadya moto wofanana ndi kutenthetsa madzi omwewo kuchoka pa ziro kufika madigiri 80, ndipo ndowa khumi za chipale chongogwa kumene zimatulutsa ndowa ngati imodzi ya madzi. Kuchidya chosasungunula kumaziziritsa thupi m'kati. Nyale ikazima, ludzu limafika njala isanafike.

Chakudya nachonso ndi mafuta omwewo. Munthu wamba amafuna makalori 2,000 mpaka 2,500 patsiku, koma wokoka chileyi m'chisanu amatha oposa 5,000. Nyama yopanda mafuta, monga ya kalulu, simupulumutsa. Amadya, n'kumatsekula m'mimba, n'kumaondabe. Kopanda ndiwo zamasamba ndi zipatso, pakatha miyezi iwiri kapena itatu nkhama zimatupa n'kumatuluka magazi, zipsera zakale n'kutseguka. Eni dziko ankapewa matendawa podya nyama yaiwisi ndi chikopa cha nangumi, ndipo ankadziwa kuti chiwindi cha chimbalangondo choyera ndi chiphe. Pamenepa mwapeza kale nkhani: alendo onyansidwa ndi nyama yaiwisi akugweluka mano, pomwe ana a m'mudzi akusewera panja.

Musanabwerere ku mapu, lembani kalendala ya dzuwa, chifukwa ndiyo idzasiyanitse Loweruka lino ndi la mwezi wamawa. Lilongwe ili pa madigiri pafupifupi 14 kummwera kwa ikweta, ndipo usana wathu umangosintha pakati pa maola 11 ndi 13. Mukadutsa madigiri 66.5 kumpoto, pamakhala masiku amene dzuwa silituluka ndi ena amene sililowa. Ku Tromsø, m'dziko la Norway, silioneka kuyambira kumapeto kwa Novembala mpaka pakati pa Januwale, kenaka sililowa kuyambira kumapeto kwa Meyi mpaka kumapeto kwa Julayi. Ku Longyearbyen, pa zilumba za Svalbard, pa madigiri 78, limasowa kuyambira kumapeto kwa Okutobala mpaka pakati pa Febuluwale. Langizo langa ndi loti mutenge mdima wa milungu isanu ndi iwiri wonga wa ku Tromsø. Masana kumakhala kambandakucha ka maola ochepa, ndiye osewera amakhala ndi kanthawi kolimbirana. Ndipo mdimawo usangokhala bii. Mwezi ukawala pa chipale munthu amaona patali, choncho maulendo a nyengoyi amadikira mwezi waukulu.

Kuzizira koopsa sikufika pamodzi ndi mdima. Kumachedwa, n'kufika pachimake mu Januwale ndi Febuluwale, dzuwa litayamba kale kusuzumira. Njala nayo imafika kumapeto kwa chisanu, nkhokwe zitauma, monga Febuluwale wathu chimanga chili m'munda koma chisanakhwime. Osewera anu mwezi umenewo amaudziwa popanda wowauza. Nthawi yabwino ya maulendo ndi Malichi mpaka Meyi, kuwala kutabwerera, ayezi akadali wolimba. Nyengo ziwiri zovutitsitsa ndi pamene nyanja ikuundana ndi pamene ikusungunuka, poti bwato silidutsa, chileyi nachonso sichidutsa, mudzi uliwonse n'kukhala paokha. Chilimwe n'chachifupi, cha matope, udzudzu wosaneneka, mazira a mbalame ndi zombo za amalonda. Ngati nkhani yanu ndi ya Maloweruka 12, awiri akhale okonzekera, anayi a mdima, anayi a kubwerera kwa dzuwa, awiri omaliza ayezi akusweka pansi pa mapazi.

Ambiri amakopeka ndi dziko limene chisanu sichitha chaka chonse. Funsani kaye kuti mphalapala za kumeneko zidya chiyani. Ngati chilimwe chasowa chifukwa cha temberero, chabwino, koma muwerenge zaka: chaka choyamba ana a nyama afa, chachiwiri midzi yayamba kulandana nkhokwe, chachitatu kulibe wotsala. Temberero la zaka 100 lokhala ndi mizinda yodzaza anthu palibe angalikhulupirire.

Tsopano mapu. Tengani pepala lalikulu, muyambe ndi gombe, chifukwa chakudya chili m'nyanja ndipo anthu amakhala m'mphepete. Kummwera kwa pepala jambulani pothera nkhalango. Mitengo imaleka kumera kumene ngakhale mwezi wotentha kwambiri supitirira madigiri 10 tikatenga pakatikati. Kumpoto kwa mzerewo kuli chigwa chopanda mtengo, nthaka yake youndana pansi chaka chonse, pamwamba pokha n'kumafewa m'chilimwe. Nthaka yotere sikumbika, choncho maliro amaunjikiridwa miyala, ndipo dzenje losemedwa movutikira limasunga nyama ngati firiji. Nyumba yotentha ikakhala pansi penipeni imasungunula nthaka n'kupendama. N'chifukwa chake mumzinda wa Yakutsk, ku Siberia, amamanga pa zipilala. Dziwaninso kuti kumpoto kwenikweni ndi chipululu. Madera ambiri salandira madzi okwana mamilimita 250 pachaka, pomwe Lilongwe imalandira oposa 800. Mkuntho wa kumeneko nthawi zambiri ndi chipale chakale chouluzidwa ndi mphepo, monga fumbi la mu Okutobala.

Panyanja pali ayezi wamitundu iwiri, ndipo kusiyana kwake ndi mphatso yaikulu kwa wofotokoza nkhani. Wina amamatirira kugombe, sasuntha. Umenewo ndi msewu. Wina ali patali, amayandama ndi kuyenda. Chombo cha Fridtjof Nansen wa ku Norway, chotchedwa Fram, chinagwidwa dala mu ayezi wotere mu 1893, ndipo chinayenda naye mpaka kumasuka pafupi ndi Svalbard mu 1896. Ndiye gombe lilembeni ndi bolopeni, koma chilichonse chili pa ayezi woyandama chilembeni ndi pensulo, ndipo Loweruka lililonse muzichisuntha pang'ono. Msasa umene osewera anasiyako katundu sakaupeza pomwe anausiya. Zidutswa zikapatukana pamatseguka ngalande ya madzi akuda imene ingawatsekereze masiku. Zikagundana pamatumphuka mzere wa zibuma zotalika kuposa nyumba, wofuna kukweza chileyi ndi manja.

Pamapuwo ikanipo malo amodzi amene nyanja siundana ngakhale pakati pa chisanu, chifukwa cha mphepo ndi mafunde apansi. Malo otere alipodi; odziwika kwambiri ali pakati pa Greenland ndi chilumba cha Ellesmere. Akatumbu, anangumi ndi mbalame zimasonkhana pamenepo, anthu nawonso. Mudzi wanu waukulu ukhale pafupi, ndipo mkangano waukulu wa nkhani ukhale wa malo amenewa. Apatseni dzina la Chichewa lomveka, monga Dziwe Losagona. Onjezani gombe lina limene mafunde amatayirako mitengo yokokoloka ku mitsinje yakutali, kasupe mmodzi wa madzi otentha, ndi chombo chogwidwa mu ayezi. Malo asanu kapena asanu ndi amodzi akwana. Mitunda yake muilembe m'masiku, osati m'makilomita. Agalu pa ayezi wosalala muwawerengere makilomita 30 mpaka 40 patsiku, ndiye kuti mtunda wa Lilongwe ndi Dedza ndi masiku awiri kapena atatu. Anthu okoka okha, 10 mpaka 15. Ulendo wotchuka wa 1925, wopititsa mankhwala ku Nome ku Alaska, unadula makilomita 1,085 m'masiku asanu ndi theka, koma chifukwa oyendetsa 20 ankalandirana, aliyense ndi agalu ake. Gulu limodzi silingathamange choncho.

Tifike patebulo. Malamulo ena amati wosewera aziponya dayisi ola lililonse ali panja. Mukatero ndi anthu asanu, tsiku limodzi la ulendo lidya theka la Loweruka, ndipo kutopa mukukuopako kuyambira pomwepo. Gwiritsani ntchito nyemba, bokosi la machesi ndi madayisi awiri a ludo. Manambala otsatirawa ndi a masewera chabe, olinganizidwa kuti gulu lizikhala pa mpanipani koma losafa msanga.

Wosewera aliyense alandire nyemba zisanu ndi imodzi m'kasosala. Ndiko kutentha kwa thupi lake. Tsiku ligaweni panayi: m'mawa, masana, madzulo, usiku. Chigawo chilichonse chimene ali panja aponye dayisi imodzi. Kukakhala bata, amataya nyemba akaponya 1. Kukakhala mphepo, 1 kapena 2. Pa mkuntho, 1 mpaka 4. Wonyowa, kaya wagwera m'madzi kaya wathamanga mpaka thukuta, amataya nyemba osaponya n'komwe, chigawo ndi chigawo, mpaka atasintha zovala. Pa zigawo zitatu za ulendo, zimenezi zimatuluka nyemba imodzi pa masiku awiri kukakhala bata, imodzi patsiku pa mphepo, ziwiri patsiku pa mkuntho. Usiku wogona m'nyumba, atadya chotentha, nyale ikuyaka, umabweza imodzi yokha. Zonse zimabwerera akakhala tsiku lathunthu m'mudzi. Mwaona kuti pa mphepo amangolingana, pa mkuntho amatsika, ndipo nyale ikasowa sabweza kanthu, usikuwo n'kuponyanso. Zikatsala zitatu zala zauma, sangamange mfundo kapena kukoka uta bwino. Ikatsala imodzi mutu wasokonekera, ndipo inu mungamuuze zinthu zimene palibe, monga moto ukuyaka patsogolo. Zikatha wagwa, ndipo anzake ali ndi chigawo chimodzi choti amufunditse.

Machesi ndiwo mafuta a gulu lonse, ndipo akhale pakati pa tebulo poonekera aliyense. Anthu asanu ndi agalu asanu ndi atatu amadya ndodo zisanu patsiku: ziwiri za anthu, ziwiri za agalu, imodzi ya nyale. Chileyi chimanyamula 40, ndiwo masiku asanu ndi atatu. Katumbu mmodzi ndi ndodo 10, koma kumusaka kumatenga tsiku lathunthu loima chilili pa dzenje lake lopumira, ndipo amapezeka dayisi ikagwa 4, 5 kapena 6. Werengani bwino: tsiku losaka limadya zisanu, ndipo tikatenga pakatikati limabweretsa zisanu zomwezo. Gulu lopanda mlenje wodziwa limangotapa madzi ndi lichero. Mlenje wa kumeneko amapambana kuyambira pa 3, ndipo kagawo kamodziko ndiko kamapatsa osewera chifukwa chomulemekeza ndi kumuteteza. Tsopano bwererani ku mapu, muike malo ena pa mtunda wa masiku atatu, ena asanu, ndi amene akuwafunitsitsa pa masiku asanu ndi anayi. Tsiku loposalo ndilo nkhani. Kodi asiya katundu? Agona usiku umodzi osayatsa nyale? Apha agalu awiri kuti adyetse otsalawo, n'kuyamba kukoka okha ndi kutuluka thukuta? Musawasankhire.

Nyengo muziiponyera kamodzi patsiku ndi madayisi awiri. Zikakwana 2 kapena 3, mkuntho. 4 kapena 5, nkhungu yoyera imene thambo ndi nthaka zimafanana, munthu osaona ngakhale phompho lili pa mapazi ake. 6 mpaka 8, monga dzulo. 9 kapena 10, mphepo. 11 kapena 12, thambo lili ngwee, kuli zii, koma kuzizira kwake muwerengere ngati mphepo. Mwa njira 36 zimene madayisi awiri angagwere, 16 zimagwera pa "monga dzulo", choncho mkuntho ukayamba umatha kukhalitsa, monga mwera ukagwira nyanja asodzi n'kukhala pamtunda masiku. Za thambo loyeralo mumazidziwa kale: usiku wa mu Juni wopanda mtambo ndiwo umaluma kwambiri kuno. Ku Oymyakon, ku Siberia, kunafika madigiri 67.7 pansi pa ziro mu 1933, koma inu musapitirire 40. Kuposa apo gulu lingokhala m'nyumba.

Ngozi za thupi zifotokozeni molondola, chifukwa zoona zake zimaopsa kuposa zopeka. Ayezi wa panyanja ya madzi abwino, woonekera m'kati, amanyamula munthu akafika masentimita 10. Woyera ngati mkaka ali ndi theka la mphamvu imeneyo. Wa madzi amchere, amene amaundana pa madigiri 1.8 pansi pa ziro, amafuna kukhuthala koposa. Wogweramo safa pomwepo. Mphindi yoyamba amabanika, ndipo ntchito yake ndi kugwira mpweya. Kenaka ali ndi mphindi ngati khumi manja akugwirabe, ndipo angathe kukhala pafupifupi ola asanakomoke. Atulukire mbali imene anachokera, chokwawa, poti kumeneko ayezi anamunyamula kale. Thupi likatsika pansi pa madigiri 35 limanjenjemera. Choopsa ndi pamene kunjenjemera kwaleka, munthu n'kuyamba kuvula zovala akuti kwatentha. Chala chouma ndi chisanu sachipukuta ndi chipale, sachiwotchera pa moto, ndipo sachisungunula ngati chidzaundanenso mawa. Dzuwa likabwerera maso amapsa ndi kuwala kwa chipale. Ululu umayamba usiku, ngati mwalowa mchenga, n'kutha pakapita tsiku limodzi kapena awiri. Mankhwala ake ndi kachidutswa ka fupa kapena ka mtengo kong'ambidwa timipata tiwiri topyapyala.

Wankhondo wovala zachitsulo mumuchenjeze pa tsiku loyamba. Chitsulo chimakoka kutentha ndipo chimamatira khungu lonyowa. Chovala chenicheni ndi zikopa ziwiri za mphalapala, cham'kati ubweya woloza thupi, chakunja ubweya woloza panja, zomasuka kuti thukuta lizituluka, ndi nsapato za chikopa cha katumbu. Wosoka zovalazi ndi munthu wamkulu m'mudzi, chifukwa msoko umodzi ukaphonyeka mlenje amataya phazi.

Za anthu ndikupemphani kusamala. Ife tikudziwa mmene zimapwetekera Africa yense akamasonyezedwa ngati mudzi umodzi wa anthu osadziwa kanthu odikira mlendo. A Inuit, a Sámi a ku Norway, Sweden, Finland ndi Russia, a Nenets oweta mphalapala ku Yamal, kumpoto kwa Siberia, onsewa alipo lero, ali ndi zilankhulo ndi zikhulupiriro zawo. Phunzirani luso lawo, koma milungu, maina ndi miyambo ya dziko lanu mupeke nokha. Magulu atatu akwana, osiyana pa zimene amadya ndi zimene akusowa. A kugombe ali ndi mafuta ndi minyanga ya walrus (nyama yaikulu ya m'nyanja yonga katumbu), alibe mitengo. Oweta mphalapala ali ndi zikopa, amasamuka chaka chonse, ndipo mvula ikagwa pa chipale n'kuundana, ziweto zawo sizingakumbe ndere, zimafa ndi njala. Obwera pa zombo ali ndi chitsulo, singano ndi ufa, koma sadziwa kukhala ndi moyo dzuwa likasowa. Aliyense akufuna cha mnzake. Midzi ikhale yaing'ono, anthu 30 mpaka 100, moti osewera akapha munthu mmodzi apha msuweni wa mudzi wonse. Lamulo lalikulu likhale la kugawana nyama. Kupatsa ndi kuika, ndipo kumalo kumene mlenje wabwino amatha milungu osapha kanthu, mwambiwu ndi lamulo la moyo. Chilango choopsa kuposa imfa ndi kuuzidwa kuti usadzalowenso m'nyumba ya munthu.

Mbiri yeniyeni ingakubwerekeni mafupa a nkhani. John Franklin wa ku Britain ananyamuka mu 1845 kukafuna njira ya panyanja yodutsa kumpoto kwa Canada, ndi zombo ziwiri, Erebus ndi Terror, anthu 129, ndipo palibe anabwerera. Zombozo zinapezeka mu 2014 ndi 2016, mothandizidwa ndi zimene a Inuit ankasimba. Roald Amundsen anadutsa njira yomweyo pakati pa 1903 ndi 1906, iye ndi anzake asanu ndi mmodzi, atakhala nyengo ziwiri za chisanu akuphunzira kwa a Inuit otchedwa Netsilik kuvala, kuyendetsa agalu ndi kumanga nyumba ya chipale. Safunsa anadya phula. Palinso a Norse, anthu ochokera ku Iceland ndi Norway, amene anakhazikika ku Greenland cha m'ma 985 ndi ng'ombe ndi nkhosa zawo, akugulitsa minyanga ya walrus ku Ulaya. Cholembedwa chomaliza chonena za iwo ndi ukwati wa mu 1408 pa tchalitchi cha Hvalsey, chimene makoma ake alipobe. Tchalitchi chopanda denga m'chigwa chopanda munthu chimaposa phanga la chinjoka. Ndipo kumpoto chakumadzulo kwa Greenland anthu ankapeza chitsulo cha mipeni pobenthula miyala yogwa kumwamba ya ku Cape York, ndipo pambuyo pake Robert Peary wa ku America anatengapo itatu kupita nayo ku New York m'zaka za m'ma 1890. Ikani mwala wotere pa mapu anu, ndi mlendo amene wabwera ndi zingwe kudzaukoka.

Chimene chimapha nkhani zotere msanga ndi matsenga. Ngati mtengambali wina angatulutse moto, chakudya kapena nyumba yofunda ndi mawu okha, nyemba ndi machesi zatha ntchito pa Loweruka loyamba. Musamulande mphamvuzo, adzakhumudwa. Ziikireni mtengo: m'dziko lino matsenga amalipidwa ndi kutentha kwa mwini wake, tsenga laling'ono nyemba imodzi, lalikulu ziwiri. Moto wamatsenga ukhale wofuna choyakira, apo ayi uzime pakangopita kamphindi. Ndipo moto waukulu uli ndi zotsatira zake: umabowola ayezi amene aimapo, umadonthetsa denga la nyumba ya chipale n'kunyowetsa zofunda za onse. Zimenezi muwauze asanasankhe atengambali, osati pakati pa nkhondo.

Zilombo zichepe. Dziko losowa chakudya silingasunge zinjoka khumi. Chimbalangondo choyera chachimuna chimalemera makilogalamu 350 mpaka 700, chimanunkhiza patali ndipo chimalondola mwakachetechete. Chimodzi chokha chotsata gulu masiku anayi, mapazi ake n'kumaoneka m'mawa uliwonse pafupi kuposa dzulo, chikwanira Loweruka lonse. Chinjoka chanu chija chisiyeni, koma chipatseni njala yogwirizana ndi dziko: chimadya kutentha, ndipo pomwe chadutsa nyale zimazima. Kapena chigone pansi pa Dziwe Losagona, mpweya wake ndiwo ukulepheretsa madzi kuundana, ndiye wochipha wapha mudzi. Mbalame za penguin musaikemo. Kwawo ndi kummwera kwa dziko lapansi. Zodabwitsa zenizeni zilipo zambiri: kuwala kobiriwira kovina kuthambo usiku, madzuwa atatu oonekera pamodzi, mapiri abodza oyandama patali. Mu Januwale 1597 amalinyero a Willem Barentsz wa ku Holland, ali pa zilumba za Novaya Zemlya kumpoto kwa Russia, anaona dzuwa pafupifupi milungu iwiri nthawi yake isanakwane, chifukwa mpweya wozizira unapinda kuwala. Dzuwa lotuluka msanga lingapusitse mudzi wonse kudya nkhokwe yomaliza.

Pofotokoza, mawu akuti kukuzizira muwanene kamodzi kokha, mukabwereza amafa. Bwerekani zimene anzanu anazigwirapo. Chala chonyowa chomatira m'kati mwa firiji ya pagolosale. Matalala akuluma m'manja. Madzi a pachitsime m'mamawa wa Julayi ku Dedza. Kukazizira kwambiri chipale chimauma ngati ufa woyera, sichiumbika, ndipo chimalira kuti kwee kwee pansi pa nsapato. Tsitsi la m'mphuno limauma pa mpweya woyamba, nsidze zimamatirirana, ndevu zimalemera ndi mpweya wa mwini wake. Kukakhala bata galu wolira amamveka kutali kwambiri. Aphunzitseninso kuwerenga dziko: mtambo wakuda kunsi ndiye kuti pansi pake pali madzi otseguka, woyera mbee pali ayezi, timizere ta chipale tosemedwa ndi mphepo timaloza mbali imodzi, ndipo mlenje amatipapasa ndi phazi mu mdima kuti asasochere, poti kampasi kumeneko imanama. Nyumba ya chipale imamangidwa ndi zidina zodulidwa pa chipale chotsendereka ndi mphepo, odziwa amaimaliza mu ola limodzi kapena awiri, ndipo khomo lake limakhala lotsika kuposa pogona kuti mpweya wofunda usathawe.

Ngati n'kotheka yambani nkhaniyi mu Juni kapena Julayi, madzulo, pakhonde. Mu Okutobala masana mudzalimbana ndi thukuta la osewera. Pakati pa tebulo yatsani kandulo kapena koloboyi pambali pa machesi aja, ndipo nyale ya m'nkhani ikazima muzimitsenso yanuyo. Loweruka loyamba lisakhale la nkhondo. Chombo chomaliza cha chaka chanyamuka dzulo, dzuwa latsala ndi masiku 20, ndipo agogo osunga nkhokwe ya mudzi atsegula dzenje n'kupeza theka la mafuta palibe, mapazi a chileyi akuloza kumpoto. Ikani ndodo 40 patebulo, mufunse osewera kuti anyamula chiyani ndipo asiya chiyani.